Kubwezera ndi Mabomba Kunatipatsa Chiyani?

Aliyense woyenda pa msewu waukulu wodutsa m'Chegutu ndi m'Kadoma amawoloka mitsinje iwiri: Manyame akamapita ku Harare, Munyati akamalowera ku Kwekwe. Nthawi ya atsamunda mitsinjeyi inkalembedwa kuti Hunyani ndi Umniati, ndipo ndege ziwiri za Air Rhodesia zinapatsidwanso mayinawa. Amene amakuwa kuti zigawenga zikaukira asilikali apite akalipsire, ayambe amva za ndege zimenezi.

Pa 3 September 1978 ankhondo a ZIPRA anagwetsa Hunyani itangonyamuka ku Kariba. Anthu 38 anafera pomwepo, ndipo ena 10 amene anapulumuka anawomberedwa pansi. Nkhondo yaufulu inali yolungama, koma kupha anthu wamba chotere kunali uchigawenga, tisazungulire. Boma la Ian Smith linabwezera mu October: ndege zake zinalowa mu Zambia, woyendetsa wina n'kumalamula nsanja ya pabwalo la ndege la Lusaka kuti ndege za dzikolo zisauluke, mabomba akugwa pa Chikumbi ndi ku Mkushi, kumene kunali msasa wa atsikana. Anthu anafa mazanamazana. Azungu a ku Salisbury anaomba m'manja. Pa 12 February 1979 Umniati nayo inagwetsedwa, anthu onse 59 n'kutha. Mabombawo sanaopseze aliyense; anangotonthoza mitima ya olira kwa miyezi inayi. Chaka chomwecho chisanathe, Smith anali ku Lancaster House, akukambirana ndi anthu omwewo.

Chopweteka n'chakuti boma lathu lomwe la Zimbabwe, litangolandira ufulu, linatengera khalidwe lomweli. Zigawenga za ku Matabeleland zinalipodi: mu July 1982 zinagwira alendo asanu ndi mmodzi pa msewu wa ku Victoria Falls ndipo sanabwerenso. Yankho linali Fifth Brigade, yophunzitsidwa ndi North Korea, imene inatumizidwa kumayambiriro kwa 1983 n'kufika mpaka ku Midlands, kutsidya kwa Munyati kuno. Ambiri amati anthu amene anaphedwa anafika 20,000. Nanga zigawengazo zinali zingati? Pambuyo pa mgwirizano wa Mugabe ndi Nkomo wa 22 December 1987, chikhululuko chitalengezedwa, amene anatuluka m'tchire anangopitirira pang'ono 100. Kumeneku n'kuotcha nkhokwe pofuna kupha khoswe. Mpaka 2024 Pulezidenti Mnangagwa anali akupemphabe mafumu kuti akamve madandaulo a anthu ofedwa.

Ife a m'makomponi a migodi ndi m'mafamu, adzukulu a anthu ochokera ku Malawi ndi ku Tete, nkhaniyi timaidziwa mwa njira ina. Agogo athu ankati usiku kubwera anyamata a m'tchire kudzafuna nsima, m'mawa kubwera asilikali kudzafunsa amene waphika. Woponya mfuti anali atathawa kalekale. Wotsala ndi amene ankalawa chikoti.

Wina anena kuti: ndiye tizingopinda manja? Ayi. Zigawenga za ku Cabo Delgado, zimene zinayamba kuukira pa 5 October 2017 ku Mocímboa da Praia, zimadula anthu makosi, ndipo apolisi okha sakanatha kuzichotsa m'tauniyo, imene zinalanda mu 2020. Asilikali a Rwanda ndi a Mozambique ataulanda mzindawo mu August 2021, anthu anayamba kubwerera kwawo. Ntchito imeneyo ndiyovomerezeka: kuteteza mudzi, kutsegula msewu, kulondera msika. Kubwezera ndi chinthu china. Cholinga chake n'chakuti wina amve kuwawa, ndipo msilikali wokwiya safunsa dzina.

Onani zimene Mozambique inayamba nazo. Inatseka mizikiti, n'kumanga anthu chigulugulu. Inabwereka asilikali aganyu a Wagner mu 2019, koma sanakhalitse. Kenako kunabwera mahelikopita a Dyck Advisory Group, amene Amnesty International inawadzudzula kuti ankawombera mwachisawawa m'malo okhala anthu. Zigawenga sizinachepe. Zinaukira Palma mu March 2021, TotalEnergies n'kuimitsa ntchito yake ya gasi, ndipo chaka chisanathe zinali zitafika ku Mecula m'chigawo cha Niassa. Asilikali a SADC amene anabwera kudzathandiza anachoka mu 2024 nkhondo ikadali mkati.

Pali mbali imene makorokoza, okumba golide a ku Chakari ndi ku Gadzema, angaimvetse bwino kuposa nduna iliyonse. Kumayambiriro kwa 2017 anthu ambirimbiri okumba miyala ya rubi ku Montepuez anathamangitsidwa mwankhanza, ndipo ofufuza amati ena mwa iwo anakathera m'gulu la zigawenga. Mnyamata amene walandidwa mgodi, bambo ake n'kumenyedwa pa rodibuloko, safunika kumunyengerera kwambiri. Bomba lililonse logwera pa nyumba yolakwika limawonjezera anyamata otere.

Ntchito yogwira chigawenga ndi yosasangalatsa pa wailesi: akazitape oleza mtima, anthu a m'mudzi osaopa kunong'oneza wapolisi, kutsata kumene ndalama ndi mfuti zikuchokera, mlandu kubwalo, ndipo pomaliza kukambirana ndi amene angakambirane. Aphungu athu, asanavomereze kutumiza mwana wa ku Rimuka kapena ku Pfupajena kunkhondo ina iliyonse, afunse nduna ya chitetezo kuti akukateteza mudzi uti, abwerako liti, ndipo msilikali akapha mlimi adzazengedwa mlandu m'khoti liti.