Kusintha ntchito ya malo omwetsera mafuta: anthu oyandikana nawo ayenera kufunsidwa

KASUNGU: Kusowa kwa mafuta a galimoto komwe kudavuta dziko lino m'zaka za 2011 ndi 2012, n'kubwereranso kuyambira mu 2022, kwadzutsa funso lomwe makhonsolo ayenera kukonzekera kuyankha. Ngati mwini malo omwetsera mafuta aganiza zotseka mapampu n'kusandutsa malowo kukhala sitolo, ndani ayenera kufunsidwa chilolezo chisanaperekedwe?

Funsoli ndi lofunika m'tawuni ngati ya Kasungu, yomwe ili pamsewu wa M1 ndipo malonda ake amadalira kwambiri nyengo ya fodya. Malinga ndi kalembera wa mu 2018, m'tawuniyi munali anthu oposa 58,000, pomwe boma lonse la Kasungu linali ndi anthu oposa 840,000. Msika wa fodya wa Chinkhoma ukatsegulidwa, malole amachuluka pamsewu ndipo ndalama zimayenda. Ukatsekedwa, malonda amazilala.

Chomwe chingakope mwini malo kusintha bizinesi n'chodziwika. Mtengo wa petulo ndi dizilo umakhazikitsidwa ndi bungwe la MERA, lomwe lidabadwa kudzera m'lamulo la Energy Regulation Act la mu 2004, ndipo phindu lomwe wogulitsa amapeza pa lita iliyonse limawerengedwa m'mtengo womwewo. Mafuta akasowa kaamba ka kuchepa kwa ndalama zakunja, mapampu amakhala chete koma malipiro a antchito, magetsi ndi ngongole za kubanki sizidikira. Sitolo yogulitsa shuga, sopo ndi buledi imabweretsa ndalama tsiku ndi tsiku.

M'maiko ena izi zidachitika kale. Ku Britain malo omwetsera mafuta adali oposa 35,000 cha m'ma 1970, koma lero atsala pafupifupi 8,000, ndipo ambiri mwa omwe adatsekedwa adasanduka masitolo, nyumba kapena malo otsukira galimoto.

Malamulo a dziko lino salola mwini malo kusintha ntchito ya malo ake mwa iye yekha. Lamulo la Physical Planning Act la mu 2016, lomwe lidalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act la mu 1988, limatenga kusintha kagwiritsidwe ntchito ka malo ngati chitukuko chofunika chilolezo. Nalo lamulo la Environment Management Act la mu 2017, lomwe lidakhazikitsa bungwe la MEPA, limafuna kuti ntchito zomwe zingaononge chilengedwe ziunikidwe ndi kuti anthu okhudzidwa amvedwe.

Chifukwa choyamba chofunsira anthu chili pansi panthaka. Malo omwetsera mafuta amakhala ndi mathanki okwiriridwa, ndipo thanki ikakalamba imachita dzimbiri n'kuyamba kudontha. Mafutawo amalowa m'nthaka n'kufika m'madzi, ndipo m'petulo muli benzene, mankhwala omwe amadziwika kuti amayambitsa khansa ya m'magazi. Dziko la America lidakhazikitsa malamulo okhwima a mathanki otere mu 1988 litaona kuchuluka kwa madzi omwe adaonongeka. Ku Kasungu, ngakhale bungwe la Central Region Water Board limapereka madzi a m'mipopi ochokera m'damu la Chitete, mabanja ambiri amadalirabe mijigo ndi zitsime. Mayi amene amatunga pachitsime choyandikana ndi malowo ndiye woyamba kumva fungo la petulo m'madzi, woyendera wa kukhonsolo asanafike. Kumanga sitolo ya zakudya pamwamba pa thanki yomwe sinachotsedwe kapena kutsukidwa ndi kukwirira vuto lomwe lidzatulukira mtsogolo.

Chifukwa chachiwiri ndi cha chuma. Malo omwetsera mafuta akatsekedwa, akabaza a njinga zamoto, oyendetsa minibasi, eni zigayo za dizilo ndi alimi othirira ndi mapampu ayenera kukafuna mafuta kutali. Kumene mafuta ali kutali, ogulitsa m'zigubu amachuluka, ndipo ngozi za moto zimawonjezeka. Mbali inayi, sitolo yaikulu imadzetsa ntchito ndi katundu wotchipa, koma imalandanso makasitomala kwa eni maokala ndi mavenda. Khonsolo singayeze phindu ndi kuipa kwake popanda kumva mbali zonse.

Vuto ndi lakuti chizolowezi chofunsa anthu sichinazike mizu mokwanira. Ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma ang'ono zidabwera mu 1998, ndipo makhansala oyamba adasankhidwa mu 2000. Koma nthawi yawo itatha mu 2005, dziko lino lidakhala popanda makhansala mpaka mu 2014. Kwa zaka zisanu ndi zinayi, zambiri zokhudza malo m'matawuni zimagamulidwa m'maofesi popanda nthumwi zosankhidwa ndi anthu. Zotsatira za mpata umenewo ndi zakuti nthawi zambiri anthu amadziwa za chitukuko pokhapokha akaona mpanda wa malata utazungulira malowo.

Kuti kufunsa anthu kukhale ndi tanthauzo, pali mfundo zinayi zomwe akuluakulu a makhonsolo angatsate. Choyamba, chidziwitso chiperekedwe m'Chichewa, chikhomedwe pamalo penipenipo, ndipo chilengezedwe pawailesi za m'madera, m'matchalitchi ndi m'mizikiti. Chachiwiri, msonkhano uchitike chigamulo chisanapangidwe, panthawi yomwe alimi sali otanganidwa ndi kusankha kapena kudinda fodya. Chachitatu, zotsatira za kuyeza nthaka ndi madzi ziwerengedwe pamsonkhanowo m'chilankhulo chomwe aliyense angamve. Chachinayi, khonsolo iyankhe polemba pa dandaulo lililonse lalikulu, kufotokoza chomwe yavomereza, chomwe yakana ndi chifukwa chake. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2020, likutanthauza kuti zikalata zoterezi anthu angathe kuzifunsa.

Ena amati kufunsa anthu kumachedwetsa chitukuko ndi kuthawitsa amalonda. Nkhawayi ndi yomveka, ndipo n'chifukwa chake khonsolo iyenera kuika masiku owerengeka olandirira maganizo n'kuwalemekeza. Kufunsa anthu sikutanthauza kuti aliyense ali ndi mphamvu yoletsa chitukuko, pakuti chigamulo chimakhalabe m'manja mwa khonsolo. Koma masabata ochepa omvera anthu ndi otchipa poyerekeza ndi chiletso cha kukhoti chomwe chingaimitse ntchito kwa zaka.

Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Khansala, mfumu, mkulu woona za mapulani, MERA ndi MEPA aliyense ali ndi gawo lake, ndipo gawo la anthu oyandikana ndi malowo liyenera kulembedwa m'ndondomeko ya khonsolo pempho loyamba lisanafike patebulo.