Chikalata chimene chimasintha maonekedwe panjira

Malonda a mtedza ndi soya m'dera la Mfumu Mavwere, m'boma la Mchinji, masiku ano amayenda ndi zikalata zimene zimalembedwa pa kompyuta ya mlembi wa kopaletivi n'kukawerengedwa pa foni ya wogula amene ali ku Chipata kapena ku Lilongwe. Ofesi ya m'malire ya Mchinji-Mwami, yomwe inatsegulidwa mu Disembala 2022 kuti katundu aziyenderedwa pamalo amodzi, imathandiza magalimoto kudutsa msanga, koma singakonze chikalata cha mitengo chomwe chafika manambala atachoka m'mizere yake.

Gwero la vutoli ndi lakuti fayilo ya Word, yomwe kuyambira mu 2007 dzina lake limathera ndi docx, imanyamula malangizo a mmene tsamba liyenera kuyalidwira, ndipo makina olandira ndiwo amaliyala pogwiritsa ntchito zimene ali nazo. Windows, Android, macOS ndi Linux, amene ndi mapulogalamu aakulu oyendetsa makina, sabwera ndi mitundu yofanana ya zilembo, choncho pamene wolemba anasankha Calibri koma makina a wolandira alibe mtunduwo, amalowetsapo wina wotambalala mosiyana, mizere imasefukira, ndipo malo osainira amagwera patsamba lachiwiri. Kukula kwa pepala nakonso kumasokoneza, pakuti makompyuta ena ogulidwa pa kaunjika amafika atatcheredwa pa pepala la ku America lotchedwa Letter, lotalika mamilimita 279, pomwe A4 imene imagulitsidwa m'masitolo a pa Mchinji boma ndi ya mamilimita 297.

Mosiyana ndi docx, fayilo ya PDF, imene kampani ya Adobe inatulutsa mu 1993 ndipo inakhala muyezo wapadziko lonse mu 2008, imatsekera zilembo ndi miyeso ya tsamba m'kati mwa fayilo, kotero chimene mlembi waona ndicho wogula amaonanso. Invoyisi, lisiti ndi mgwirizano wosainidwa ziyenera kuchoka m'manja mwa wolemba zili mu PDF, ndipo docx izisiyidwira nthawi imene mbali ziwirizo zikukambiranabe mtengo ndipo zikufuna kusintha mawu. Chizolowezi chojambula pepala ndi foni n'kulitumiza pa WhatsApp ngati chithunzi, ngakhale ndi chofala, ndicho choipa koposa, chifukwa pulogalamuyi imachepetsa chithunzicho mpaka 3 ndi 8 zimavuta kusiyanitsa pa kulemera kwa matumba.