Digiri si luso lophunzitsa

Akuti alimi otsogolera a kwa Mavwere "aphunzitsidwa" za chuku cha mtedza. Aphunzitsidwa bwanji? Bungwe lina laponya pa gulu la WhatsApp chikalata cha masamba ambirimbiri m'Chingerezi, ndi kanema wa dokotala wina wovala tayi akuwerenga mawu omwe ali kale pa khoma kumbuyo kwake. Lipoti lapita kwa opereka thandizo: maphunziro a pa intaneti atheka bwino lomwe.

Atafunsidwa chifukwa chomwe sanalembere munthu wodziwa kukonza maphunziro, akuluakulu ati n'kuwononga ndalama, poti katswiri alipo kale. "Munthu wa madigiri atatu auzidwe ndi ndani kaphunzitsidwe?" Iyayi bwana. Kudziwa chinthu ndi kuchiphunzitsa ndi ntchito ziwiri.

Katswiriyo sindikumunyoza. Amadziwa dzina la Aspergillus flavus, amadziwa kuti poizoni wa chuku amayambitsa khansa ya chiwindi ndi kupinimbiritsa ana, amadziwanso kuti chuku chomwechi chidathandiza kutilanda misika ya mtedza ya ku Ulaya. Koma mayi wa kwa Mavwere amene amawaza madzi mtedza wake wa CG7 kuti makoko afewe posenda safuna dzina la Chilatini. Afuna auzidwe m'Chichewa kuti madziwo ndiwo akuitana chuku, aone chithunzi cha mtedza woumitsidwa bwino pafupi ndi wowola, ndipo afunsidwe funso limodzi loonetsa ngati wamva. Amene amaganiza zimenezi ndi wokonza maphunziro. Ndiye amafunsa kuti wophunzirayo ndani, ali ndi foni yanji, amatchajitsa kuti, bandulo yake imatha pa mphindi zingati, ndipo akatha phunzirolo azikachita chiyani chosiyana kumunda kwake.

Mafunso amenewa katswiri safunsa, ndipo si kuipa mtima. Zomwe amadziwa adazizolowera mpaka adaiwala kuti nayenso poyamba zinkamuvuta. Ndiye amathira zonse nthawi imodzi, kuyambira mbiri ya kafukufuku wa ku Chitedze mpaka ma graph osaoneka pa kafoni kosweka galasi. Uku n'kuimbira mbuzi gitala, kungoti wolakwa pano ndi woimbayo.

Otsutsa akuti masiku ano aliyense angathe, mapulogalamu a pa kompyuta ndi osavuta. Zoona, kukweza chikalata pa intaneti n'kosavuta. Mwana wa Fomu 2 angachite. Tsono ngati kudziwa phunziro n'kokwanira, Malawi Institute of Education ku Domasi ikudyeranji ndalama za boma? Titseketu makoleji onse a aphunzitsi, tingotola aliyense wokhoza masamu tikamuimike kutsogolo kwa Sitandade 1. Amene adamverako pulogalamu ya Tikwere pa wailesi ya MBC akukumbukira mmene mphunzitsi wa pa wailesi ankafunsira funso n'kukhala chete kuti ana ayankhe. Chete ameneyo adachita kukonzedwa ndi anthu odziwa kuti mwana amaphunzira bwanji. Ndipo 2020, sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19, tonse tidaona kuti kutumiza manotsi pa foni si kuphunzitsa. Kapena akuluakuluwa chaka chimenecho anali kunja?

Chomwe chikundikwiyitsa n'chakuti ndalama ya wokonza maphunziro "idasowa", koma ya msonkhano wokhazikitsa pulogalamuyi ku hotelo ya ku Lilongwe, ndi maalawansi ake, idapezeka msangamsanga. Wokonza maphunziro amene ndikunena pano si wina wokhalanso ku Area 47 akukongoletsa masamba. Akwere minibasi ya ku Mchinji, atsikire kwa Mavwere, akhale pa mkeka ndi alangizi ndi alimi, ayese phunzirolo pa foni zawo asanalitumize kwa wina aliyense. Likakana kutseguka, abwerere nalo kwa dokotala uja akalidule.

Masatifiketi okha, ndamva, asindikizidwa kale, ndipo ndi okongola kwabasi.