Marandi 5 amene mphunzitsi Daswa anakana kusonkha

Amayi anzanga, pa 1 February Mpingo umakumbukira Wodala Benedict Daswa, mphunzitsi wa ku South Africa. Kumeneko n'komwe amuna ndi ana athu ambiri a kuno ku Mzimba amapita kukasaka ntchito, koma Joni amene timamudziwa ndi wa malata ndi mafoni, dzina la bamboyu sitilimvaimva. Tiyenera kumudziwa, chifukwa chimene chinamupha chikadalipo m'midzi mwathu.

Daswa anabadwa pa 16 June 1946 m'mudzi wa Mbahe, m'chigawo chimene lero chikutchedwa Limpopo. Anabatizidwa mu 1963, anaphunzira zauphunzitsi, kenako anakhala mphunzitsi wamkulu pasukulu ya pulayimale ya Nweli. Iye ndi mkazi wake Eveline anali ndi ana 8. Anthu ankamuona akuchapa matewera ndi kutunga madzi, ntchito zimene amuna anzake ankati n'za akazi. Anali ndi dimba la ndiwo zamasamba, ndipo ana osowa fizi ankagwiramo ganyu kuti asasiye sukulu. Ankaphunzitsanso anyamata mpira. Timu yake itayamba kufuna mankhwala okhwimira kuti izipambana, iye anaisiya n'kuyambitsa ina, Mbahe Freedom Rebels.

Mu January 1990 mphenzi zinatentha nyumba zingapo m'mudzimo. Akuluakulu anagwirizana kuti aliyense asonkhe marandi 5 olipira sing'anga woti aloze mfiti. Daswa anakana. Anati mphenzi ndi chilengedwe, ndipo chikhulupiriro chake sichimulola kuperekera ndalama chinthu chimene chingaphetse munthu wosalakwa. Pa 2 February madzulo, akubwerera kunyumba pagalimoto, anapeza msewu atautseka ndi mitengo. Anamugenda, anamuthamangitsa, n'kumupha ndi chibonga. Anali ndi zaka 43. Mpingo unamulengeza kukhala Wodala pa 13 September 2015.

Mwina wina mwa inu akuti: "Marandi 5 okha! Akanangopereka, mkazi sakanakhala wamasiye, ana akanakula ndi bambo wawo." Funso limeneli ndi la mayi weniweni, ndipo sindikulipeputsa. Koma taganizani kumene ndalamayo inkapita. Sing'anga wolipidwa sabwerera wopanda dzina. Akanatchula wina, ndipo kawirikawiri wotchulidwa amakhala gogo wosauka, wopanda omuimirira. Daswa anadziwa kuti mtendere wa banja lake ukanagulidwa ndi magazi a munthu wina.

Kodi kwathu kuno n'kosiyana? Mwana akamwalira ndi malungo atachedwa naye kuchipatala, bambo akagwa ndi sitiroko chifukwa cha BP imene sinayezedwepo, gogo akayamba kuiwalaiwala n'kumasochera usiku, mawu amayamba. Sayambira pabwalo la amfumu ayi. Amayambira m'siwa, pamjigo, pamoto pophika nsima ya pamaliro. Malo onsewa ndi athu, amayi. Tisanamizane, manong'onong'o amene amathera kugenda nkhalamba nthawi zambiri amadutsa pakamwa pathu.

Ndiye ifenso ndi amene tingawadule. Wina akayamba kutchula dzina m'siwa, muyankheni pomwepo kuti pamaliro tabwera kudzalira, osati kudzaloza anthu. Kukabwera msonkho woitanira woombeza, kanani, ndipo kanani pamodzi ngati gulu, chifukwa Daswa anaphedwa mosavuta poti anaima yekha. Dziwaninso kuti lamulo la dziko lino la mu 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, chimodzimodzi kulemba ntchito woloza afiti. Gogo akayamba kuopsezedwa, kauzeni amfumu, apolisi ndi wansembe wa parishi yanu zinthu zisanafike poipa, ndipo kamuchezereni masana anthu akuona.

Odwala tizithamanga nawo msanga ku chipatala cha boma cha Mzimba, ku Embangweni, ku Katete kapena chilichonse chapafupi, kuti tidziwe dzina la matenda tisanayambe kufuna dzina la munthu. Dzinja lino, uzani ana kuti mvula ya mphenzi ikayamba achoke pabwalo la mpira, ndipo asabisale pansi pa mtengo.

Pamsonkhano wotsatira wa mphakati wanu, fotokozani nkhani ya mphunzitsi ameneyu, anyamata ndi abambo ali pomwepo. Mukatero funsanani kuti: m'mudzi mwathu muno, ndani amene anthu ayamba kumunena, nanga mawa apite kukamuona ndani?