Atsikana awiri adalephera masamu, ndiye wachitatu asayese?



Mtsikana wina wa ku Australia atamaliza sekondale adapita ku ofesi ya boma yolangiza achinyamata za ntchito. Funso lake lidali limodzi: achite bwanji kuti apitirize kuphunzira masamu. Mlangizi amene adamupezayo adamuuza kuti aganize zokhala namwino kapena mphunzitsi, chifukwa atsikana ena awiri amene adabwerapo ndi khumbo lomwelo maphunzirowo adawakanika. Mtsikanayo adatuluka muofesimo wopanda thandizo lenileni, koma maganizo sadasinthe. Dzina lake ndi Cheryl Praeger, ndipo m'chaka cha 2019 boma la dziko lomwelo lidamupatsa mphoto yake yaikulu ya sayansi, yotchedwa Prime Minister's Prize for Science.

Mayi Praeger adabadwa mu 1948 m'tauni ya Toowoomba, m'chigawo cha Queensland. Digiri yoyamba adaitenga pa University of Queensland, ndipo asanaimalize n'komwe adali atapeza kale yankho la funso lina limene katswiri wamkulu Bernhard Neumann adafunsa. Kenako adapita ku Oxford, ku England, kumene adalandira digiri ya udokotala wa masamu mu 1973 motsogozedwa ndi Peter Neumann, mwana wa Bernhard uja. Mu 1983, ali ndi zaka za m'ma 30, adakhala pulofesa pa University of Western Australia mumzinda wa Perth. Iye adali mayi wachiwiri m'mbiri yonse ya Australia kufika pa udindo umenewu m'masamu. Woyamba adali Hanna Neumann, mayi ake a Peter, amene adalera ana asanu uku akuchita kafukufuku. Mu 1992 Mayi Praeger adasankhidwa kukhala mtsogoleri wa bungwe la akatswiri a masamu la dzikolo, mpando umene mayi aliyense adali asadakhalepo. Nawonso ali pabanja ndipo alera ana awiri. Ndatchula dala zimenezi, poti ndikudziwa funso limene ena mwa ife timafunsa mumtima tikamva za mkazi wophunzira kwambiri.

Masamu awo amatchedwa group theory. Ine si mphunzitsi wa masamu, koma chiyambi chake mwana wa Fomu 1 angachimve. Dulani pepala la mbali zinayi zofanana, muliike patebulo, mujambule mzere molizungulira. Tsopano funsani: ndingalisunthe m'njira zingati kuti likhalenso ndendende m'malo mwake? Mutha kulizungulitsa pang'ono kuti ngodya iliyonse ipite pamene padali inzake, kamodzi, kawiri kapena katatu, kapenanso kulisiya mmene lilili. Zimenezo ndi njira zinayi. Mutha kulitembenuzanso chafufumimba m'njira zina zinayi. Zonse pamodzi ndi 8, ndipo ya nambala 9 palibe. Mukachita ziwiri motsatizana, zotsatira zake zimakhala imodzi mwa 8 zomwezo, komanso iliyonse ili ndi inzake yoibweza. Gulu la kasunthidwe kotere ndi limene akatswiri amalitcha group. Amene adayang'anitsitsa kalukidwe ka lichero, ka mkeka, kapena zojambula zobwerezabwereza za pamakoma a mizikiti, adaziona kale zimenezi ndi maso ngakhale sadazipatse dzina. Ndipotu Mayi Praeger eni ake adalembapo kafukufuku pa masamu a kalukidwe ka nsalu.

Pepala lathu lili ndi njira 8 zokha, koma pali magulu ena amene kukula kwake nambala yake siingakwane pamzere umodzi wa kope. Akatswiri pafupifupi 100 adatha zaka zambirimbiri kufufuza magulu amene ali ngati njerwa zomangira magulu ena onse, ndipo umboni wa ntchito yawo udadzaza masamba oposa 10,000. Luso la Mayi Praeger lidaonekera pogwiritsa ntchito zimene zidapezekazo kuyankha mafunso amene kale adali osayankhika. Mu 1992, iwo ndi mphunzitsi wawo uja adapeza njira yoti kompyuta izitha kuzindikira mwachangu mtundu wina wa magulu akuluakuluwa. Zolemba zawo za kafukufuku zidapitirira 400.

Tibwerere kwa mlangizi uja, pakuti nkhani yanga yagona pa iyeyo. Sindikukhulupirira kuti adali munthu woipa mtima. Mwina ankaona ngati akumuteteza mwanayo ku manyazi ndi kutaya nthawi. Cholakwa chake n'chakuti adaweruza mwana amene adali patsogolo pake potengera ana ena awiri amene sadalipo. Chodabwitsa n'chakuti kulakwa kumeneku n'kwa masamu. Phunziro limeneli limakana zonena kuti chinthu ndi choona nthawi zonse chifukwa choti mwachiona kawiri. Manambala 3, 5 ndi 7 onse sagawika ndi nambala ina kupatula 1 ndi iwo eni, koma amene angathamangire kunena kuti 9 nayenso ndi choncho walakwa, pakuti 3 amalowamo katatu. Mlangiziyo adaona zitsanzo ziwiri n'kukhazikitsa lamulo. Wachitatu ndiye adali 9 wake.

Kaweruzidwe kameneka sikachilendo pakati pathu. Timamva mawu akuti "masamu ndi a anyamata", ndipo nthawi zina amachokera pakamwa pa atsikana eni ake, amene adawatola kwa akuluakulu. Timamvanso kuti "kubanja kwathu kuno mutu wa masamu kulibe, achemwali ake onse adalephera". Amene akunena zimenezi kawirikawiri kope la mwanayo sadalitsegule. Sadafunsenso kuti achemwali akewo adalephera chifukwa chiyani. Masamu amafuna kukhala pansi tsiku ndi tsiku, kulakwitsa, kufufuta ndi kuyambiranso. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsono ngati mtsikana akaweruka kusukulu ndi kumadrasa akufikira kutunga madzi, kuphika ndi kutsuka mbale, pamene mlongo wake wakhala pampando ndi buku, ndiye pa mayeso mnyamatayo n'kupambana, kodi tayeza mitu yawo kapena tayeza maola amene tidawapatsa?

Kholo lina lingandiyankhe kuti Australia ndi dziko lolemera, kuno fizi ndi yovuta, ndipo unamwino ndi uphunzitsi ndi ntchito zooneka ndi maso pamene masamu a mapepala ozungulitsawa sagula ndiwo. Yankho limeneli sindilipeputsa. Ine ndemwe ndine mphunzitsi, ndipo ntchitoyi ndimainyadira. Sindikunenanso kuti mtsikana aliyense wokonda masamu adzakhala pulofesa. Ngakhale ku Australia komweko otero ndi owerengeka. Koma mwana amene wauzidwa ali Fomu 2 kuti masamu si ake, sataya upulofesa wokha. Namwino amawerengera mlingo wa mankhwala. Wowerengera ndalama, injiniya, woyeza malo, wamalonda, onsewa masamu ndiye khasu lawo. Mwana akagwa ulesi ndi phunziroli chifukwa cha mawu athu, zitseko zimene tikuti n'zotsimikizikazo nazonso zimayamba kutsekeka, ndipo amadzazindikira zotsatira za MSCE zitatuluka, nthawi itatha kale.

Kwa inu atsikana, onani bwino chimene Cheryl adachita tsiku lija. Mbiri yake sinena kuti adanyoza mkuluyo. Adamva malangizowo, adaona kuti chifukwa chimene chidaperekedwa n'chosakwanira, ndipo adakafunafuna njira kwina. Ulemu kwa akulu ndi kufunsa kuti "chifukwa chiyani" zimatha kuyendera limodzi.

Pempho langa kwa makolo ndi laling'ono. Malipoti a teremu ino akafika kunyumba, yang'anani mzere wa masamu wa mwana wanu wamkazi monga mmene mumayang'anira wa mwana wamwamuna. Ngati malikisi ali otsika, bwerani mudzafunse aphunzitsi ake kuti chikumuvuta ndi mutu uti, ndipo mumupezere ola limodzi madzulo alionse lopanda mbale ndi ndowa. Akomiti nawonso, pokambirana za ana oyenera kuthandizidwa fizi, ndikupempha kuti makope a anawo azikhala patebulo pomwepo.