Mutu Waching'alang'ala Si Ulesi, Si Ufiti

Abale ndi alongo a m'nthambi zonse, tamverani! Mayi akagona m'nyumba ya mdima, mutu ukung'amba mbali imodzi, akusanza, munda uli thengo, ena amati ndi ulesi, ena amati walodzedwa. Bodza limenelo! Imeneyi ndi nthenda, ndipo mankhwala ake alipo.

Mankhwala a sumatriptan anatuluka mu 1991. Mu 2021 bungwe la WHO linawaika pa mndandanda wa mankhwala oyenera kupezeka m'dziko lililonse. Ulinso mutu wina woopsa, wobaya kuseri kwa diso limodzi, wotchedwa cluster headache. Madokotala a ku London anayesa kupatsa odwala ake mpweya wa okosijeni, nalengeza mu 2009 kuti pa maulendo 100 amene mutu unawagwira, maulendo 78 ululu unatha m'mphindi 15.

Nanga ife tidzamwa panado wa pa golosale kufikira liti? Kumwa panado masiku 15 pa mwezi, mwezi ndi mwezi, kumabala mutu winanso!

Tsono nthambi iliyonse iwerenge odwala ake, ipite ku komiti ya chipatala ndi kwa phungu, ikafunse kuti mankhwalawa ali kuti. Msonkho timapereka. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko!