Ambulansi za ku Yorkshire: kodi aliyense woimba 999 azimunyamula?

Munthu akaimba 999 ku Leeds kapena ku Sheffield n'kupempha ambulansi, woyankha foni amayamba ndi kufunsa ngati wodwalayo akupuma, kenako ngati akudziwa zimene zikuchitika. Mayankho amenewa ndi amene amamuika pa mzere. Kuyambira mu 2017, ku England konse odwala amagawidwa m'magulu anayi. Wa gulu loyamba, monga amene mtima wake waima, ayenera kufikiridwa pa avereji ya mphindi 7. Wa gulu lachiwiri, monga wa sitiroko kapena womva kupweteka koopsa pachifuwa, mphindi 18. Otsalawo angathe kudikira maola awiri kapena atatu, ndipo ena satumiziridwa n'komwe galimoto.

Bungwe loyendetsa ntchitoyi m'chigawochi ndi Yorkshire Ambulance Service, ndipo likulu lake lili ku Wakefield. Linakhazikitsidwa mu 2006, pamene boma linaphatikiza mabungwe ang'onoang'ono a ambulansi kuti akhale akuluakulu a zigawo. Limatumikira anthu opitirira 5 miliyoni, kuyambira m'mizinda yothithikana ngati Bradford ndi Hull mpaka kumafamu a nkhosa a m'mapiri a Dales. Wodwala salipira kalikonse, pakuti ndalama zimachokera ku misonkho kudzera ku NHS, bungwe la boma loona za umoyo.

Ubwino wa bungwe lalikulu chonchi umaonekera pa munthu amene mtsempha wa mtima wake watsekeka. Paramediki, wachipatala woyenda mu ambulansi, akalowa m'nyumba amamata timawaya pachifuwa, amawerenga kagundidwe ka mtima pomwepo, amapereka asipirini, ndipo akaona kuti mtsempha watsekekadi sataya nthawi ndi chipatala cha pafupi. Amachilambalala n'kulunjika kumene kuli akatswiri otsegula mitsempha, monga ku Leeds General Infirmary. N'chimodzimodzi ndi ovulala modetsa nkhawa pa ngozi za pamsewu: amapita nawo ku Leeds, ku Sheffield kapena ku Hull, ngakhale mtunda utalike. Mmene mabungwe analili kale, aliyense ndi malire ake, dongosolo lotereli likanavuta kuligwirizanitsa. Anthu a kumidzi ali ndi dandaulo lawo, ndipo ndi lomveka. Ambulansi ya kwawo ikapita ndi wodwala mumzinda, makompyuta amaiona kuti ndiyo ili pafupi ndi wodwala wina wa mumzinda momwemo, ndiye imachedwa kubwerera. Kumidziko amadalira kwambiri anthu odzipereka a m'dera omwe anaphunzitsidwa chithandizo choyamba ndipo amayenda ndi makina odzidzimutsira mtima. Helikopita nayo ilipo, koma chodabwitsa n'chakuti m'dziko lolemera chonchi imauluka ndi ndalama za anthu akufuna kwabwino.

Mkangano weniweni uli pa anthu amene sanyamulidwa. Masiku ano ambiri oimba 999 amathandizidwa pa foni ndi namwino kapena paramediki wokhala m'chipinda choyankhira mafoni. Ena amafikiridwa kunyumba, kuyezedwa, kusokedwa bala kapena kupatsidwa mankhwala, n'kusiyidwa komweko. Ogwirizana ndi njirayi amati paramediki wa lero si dalaivala wonyamula machira chabe, ndi munthu wa digiri amene angathe kuweruza yekha. Amatinso gogo wa zaka 85 amene waterereka m'bafa koma sanathyoke amapindula pang'ono pogona usiku wonse pa kabedi ka matayala m'khonde la chipatala, kumene angasokonezeke maganizo kapena kutengako matenda ena. Apa ine ndili nawo kumodzi.

Otsutsa amafunsa kuti pa foni munthu angaone chiyani. Okalamba ambiri sakonda kuvutitsa anzawo, ndipo ululu woopsa amautchula ngati kanthu kakang'ono. Matenda ena, monga pamene majeremusi alowa m'magazi, amayamba ngati chimfine n'kufika poipa m'maola ochepa. Komanso kusiya munthu kunyumba kumakhala kwanzeru pokhapokha ngati mawa lake dokotala wa m'dera kapena namwino woyendera odwala abweradi. Akapanda kubwera, wodwalayo amaimbanso 999 atafookeratu. Ndiye funso limene bungwe la ambulansi liyenera kumayankha poyera ndi lakuti mwa anthu amene linawasiya, ndi angati anaimbanso pasanathe tsiku.

Komabe mbali zonse ziwirizi zimakangana ngati kuti vuto lili m'manja mwa a ambulansi okha. Lamulo limati ambulansi ikafika pachipatala, wodwala azilandiridwa pasanathe mphindi 15 kuti galimoto ibwerere pamsewu. M'nyengo yozizira ya 2022 magalimoto ankandandalikana pazipata za zipatala zambiri ku England kwa maola, odwala ali m'kati, maparamediki akuwayang'anira ngati kuti galimotoyo ndi wodi. Mu Disembala chaka chimenecho, odwala a gulu lachiwiri ankadikira pa avereji nthawi yoposa ola ndi theka m'malo mwa mphindi 18. Kwa munthu wa sitiroko, nthawi imeneyo ingasiyanitse kuchira ndi kulumala. Mwezi womwewo ogwira ntchito za ambulansi m'zigawo zambiri ananyanyala ntchito, podandaula za malipiro komanso za mmene zinthu zinafikira.

Chinkatseka khomo n'chiyani? Mabedi a m'mawodi anali odzaza, ndipo ambiri anali ndi anthu amene madokotala anali atanena kale kuti angathe kutuluka, koma panalibe wowasamalira kunyumba kapena malo m'nyumba zosungira okalamba. Amalawi, Azambia ndi Azimbabwe amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Britain nkhaniyi amaidziwa kumbali zonse ziwiri. Ndi iwo amene amagwada pambali pa gogo amene wagwa, kumufunditsa bulangete kwinaku akuimbanso 999 kufunsa kuti ambulansi ili pati, ndipo kuchepa kwa anthu a ntchito ngati yawoyo ndi kumene kumachititsa kuti gogo wina alephere kutuluka m'chipatala.

Mu Januwale 2023 boma linalonjeza ambulansi zatsopano 800 ndi mabedi ena 5,000, ndipo linaika mphindi 30 ngati cholinga chongoyembekezera cha gulu lachiwiri. Mabediwo ndi othandiza. Za magalimotowo ndikukayikira, chifukwa ngati wodi sikutulutsa anthu, ambulansi yatsopano imakaima kumbuyo kwa yakale pa chipata chomwecho, ndipo maparamediki ake awiri amachoka pamsewu mpaka bedi litapezeka.